Mmene wodwala impso angatsatirire kagundidwe ka mtima wake

Mtima wa munthu wathanzi sugunda mofanana ngati wotchi. Munthu akamakoka mpweya umafulumira pang'ono, akamautulutsa umachepetsa liwiro, ndipo kusiyana kumeneku, kumene madokotala amakutcha HRV, kumasonyeza kuti minyewa yowongolera mtima ikugwira bwino ntchito. Impso zikafooka kwa nthawi yaitali, makamaka ngati palinso matenda a shuga, minyewayi imawonongeka ndipo HRV imatsika. Zimenezi si zoti n'kuzinyalanyaza, pakuti odwala impso ambiri amamwalira ndi matenda a mtima asanafike n'komwe poyamba dayalisisi (kusefa magazi ndi makina).

Yambani ndi zala zanu. M'mawa uliwonse mukangodzuka, musanamwe tiyi, khalani pansi kwa mphindi 5, kenako ikani zala ziwiri padzanja m'munsi mwa chala chachikulu n'kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda ka 60 mpaka 100 pamphindi. Lembani nambalayo m'kope, pamodzi ndi BP ngati muli ndi makina ake.

Zala sizingayeze HRV yeniyeniyo, chifukwa kusiyanako n'kwa tizigawo ting'onoting'ono ta sekondi. Pamafunika ECG, makina a kuchipatala ojambula kagundidwe ka mtima, kapena kachipangizo ka Holter kamene kamavalidwa pachifuwa kwa maola 24. Malangizo amene akatswiri a mtima a ku Ulaya ndi ku North America anatulutsa mu 1996 amati muyeso wa HRV wa maola 24 wotchedwa SDNN ukatsika pansi pa mamilisekondi 50 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) ndiye kuti watsika kwambiri. Amene ali ndi wotchi yamakono yoyeza HRV asadere nkhawa ndi nambala ya tsiku limodzi, chifukwa malungo, kusagona ndi mowa zimaitsitsa. Chofunika kukamuonetsa dokotala ndi mmene yayendera kwa masabata angapo, osaiwala kutchula mankhwala onse amene akumwa, popeza ena monga atenolol, mankhwala a BP, amasintha zotsatira.

Kukhitchini nakonso kuli ntchito. Impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu (mchere wina wopezeka m'zakudya), yemwe akachuluka m'magazi amatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi, choncho ngati magazi anu asonyeza kuti wakwera, funsani dokotala za nthochi, mapeyala, mbatatesi ndi chidulo chothira m'therere, chimene anthu ambiri sachiganizira chifukwa n'chaphulusa chabe. Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac musamwe popanda uphungu wa dokotala.

Mtima ukamadumphadumpha, kapena mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, chizungulire kapena kufooka kwa miyendo mwadzidzidzi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo kope lija mulitenge.