Mmene mungazindikirire mwala wa tarbuttite ndi kudziwa mtengo wake

Tarbuttite ndi mwala wosowa wa m'gulu la fosifeti, wokhala ndi zinki, umene unapezeka koyamba m'chaka cha 1907 ku mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia. Popeza mgodiwo unatsekedwa mu 1994, timiyala takumeneko timapezeka kwambiri m'manja mwa osunga miyala akale, ndipo ena mwa iwo ali konkuno ku Johannesburg. Wina wabwino, wobiriwira, unkachokera ku mgodi wa Skorpion pafupi ndi Rosh Pinah ku Namibia.

Yambani ndi maso, pogwiritsa ntchito kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi. Wa ku Kabwe nthawi zambiri umakhala wachikasu chotuwa, wofiirira kapena wopanda mtundu, ndipo umawala ngati galasi. Kenaka yesani kulimba kwake pamalo obisika: chikhadabo sichingaukande, koma mpeni umaukanda mosavuta, pakuti pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, uli pakati pa 3 ndi 4. Ndi wolemera kuposa madzi kanayi ndi pang'ono, kutanthauza kuti umaposa hopeite ndi hemimorphite, miyala ina ya zinki imene anthu amaisokoneza nawo. Smithsonite, mwala winanso wa zinki, ndiye wovuta kusiyanitsa, chifukwa kulemera kwake n'koyandikana ndithu, koma ufa wake umachita thovu mu asidi pamene wa tarbuttite umangosungunuka. Asidiyo muyesere pa kachidutswa kogumuka kale, osati pa mwala weniweniwo, ndipo musambe m'manja mukatha, poti miyala ya ku Kabwe imakhala ndi mtovu.

Ngati mukukayikabe, malo ngati Mintek, bungwe lofufuza za miyala ku Randburg, kapena dipatimenti yoona za miyala ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg ali ndi makina oyeza miyala ndi X-ray.

Pa nkhani ya mtengo, ambiri amalakwitsa poganiza kuti mwalawu umagulitsidwa pa kilo ngati mkuwa. Wogula wodziwa amayang'ana ngati nsonga za timakristalo sizinabenthuke, ngati mtundu wake ndi wooneka bwino, ndiponso ngati tidakali pa mwala umene tinamerapo. Kapepala kakale kosonyeza mgodi ndi chaka musakataye ngakhale katathimbirira bwanji, chifukwa mwala wopanda mbiri amaugwetsa mtengo. Musaupukute ndi viniga kapena bulashi yolimba pofuna kuti uwale, ndipo musanatchule marandi anu, onani kaye mitengo imene miyala yofanana nawo inagulitsidwadi, osati imene ogulitsa amangoitanira.