Momwe mungaunikire wosewera basketball wa kusekondale ku America ndi kudziwa koleji yomuyenera

Mu 2016, James Kane, wothandizira mphunzitsi wa timu ya koleji ya Murray State, anapita ku kampu ina ya basketball ku South Carolina kukaonera mnyamata amene ankafuna kumutenga. Njala itamupweteka anatuluka kukasaka kotafuna, ndipo akudutsa pa kaholo kena kakumbali anamva mpira ukugunda pansi. Atasuzumira anapeza anyamata akusewera atatuatatu. Mmodzi mwa iwo, wowonda ndithu, anamuiwalitsa njala ija. Anali Ja Morant, amene dzina lake silinali pamndandanda uliwonse wa anyamata otchuka. Patangotha zaka zitatu, Morant anakhala wachiwiri kusankhidwa pa draft ya NBA ya 2019, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya ku America amasankhira osewera atsopano.

Ku America, makampani monga 247Sports, Rivals, On3 ndi ESPN amapatsa ana a kusekondale nyenyezi, ndipo wodziwa kwambiri amalandira zisanu. Nyenyezizo zili ndi ntchito yake, koma zimangokuuzani zimene maso a ena aona. Funso lofunika n'lakuti: mnyamatayu akadzafika pamalo poti aliyense ndi wamtali ngati iye, wamphamvu kuposa iye, adzatsala ndi chiyani choti timu imudalire nacho? Ndikamba za anyamata, koma zambiri zikugwiranso kwa atsikana.

Yambani ndi amene akusewera nawo

Mapointi 30 pamasewera amodzi si kanthu musanadziwe kuti amawachinya kwa ndani. Mwana wamtali mamita awiri amene akusewera mu ligi ya sukulu zazing'ono amangolandira mpira pansi pa ring'i n'kuponya, chifukwa palibe womufika paphewa. Mukafuna kumudziwa, muonereni m'mipikisano ya nthawi ya tchuthi, monga Nike EYBL imene imathera ku Peach Jam mumzinda wa North Augusta, kapena 3SSB ya Adidas. Kumeneko amakumana ndi anzake a msinkhu wake. Komabe musanyoze masewera a kusukulu kwake. M'mipikisano ya tchuthi ana ambiri amasewera modzionetsera pamaso pa makochi, pamene kusukulu ndi kumene mumaona ngati amatsatira dongosolo la timu ndi kumvera mphunzitsi.

Onerani masewera athunthu, osachepera atatu

Kavidiyo ka mphindi zitatu ka pa YouTube kamene kali ndi ma dunk okhaokha n'chikomekome cha mkuyu. Fufuzani masewera athunthu, ndipo amodzi mwa iwo akhale amene timu yake inagonja. Ine ndimakonda kutenga mphindi zisanu osayang'anako mpira, maso ali pa mnyamata yekhayo. Timu yake ikataya mpira, kodi amathamanga kubwerera kukatchinga, kapena amayamba wakweza manja kudandaulira woyimbira? Munthu amene akumulondera akapanda mpira, mutu wake umazungulira kuona mpira ndi munthuyo nthawi imodzi, kapena amangoima chilili? Mnzake akamuimira kuti amutchingire mdani, amadutsa mokhudzana naye phewa kapena amasiya mpata woti mdani alowerepo? Akamutulutsa n'kumukhazika pabenchi, onani ngati amaimirira kuchemerera amene walowa m'malo mwake. Tinthu timeneti sitilembedwa papepala la mapointi, koma kochi wa kukoleji ndi timene amayamba kutiona tsiku loyamba la maphunziro a mpira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yesani luso lake pa muyeso wa kukoleji

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa masewera a kusekondale ndi a kukoleji amasiyana ngakhale pamizere ya bwalo. Bwalo la kusekondale nthawi zambiri limatalika mamita 25.6, la kukoleji mamita 28.7. Mzere wa mapointi atatu kusekondale uli pa mamita 6.02, pamene mu NCAA Division I, gawo lapamwamba la masewera a makoleji, anausunthira pa mamita 6.75 kuyambira mu 2019. Masentimita 73 amenewo amaoneka ochepa, koma mwana amene amaponya chala chili pamzere, n'kumachita kukankha mpira kuchokera pachifuwa, akafika kukoleji mipira yake imathera kutsogolo kwa ring'i. Choncho onani pamene mapazi ake aima poponya. Onaninso liwiro limene mpira umachoka nalo m'manja, chifukwa wotchinga wa kukoleji amafika msanga. Ndipo musaiwale ma free throw, mipira imene wosewera amapatsidwa kuti aponye akalakwiridwa. Poponya pamenepo palibe womusokoneza, ndiye mumaona dzanja lake lenileni. Amene amalowetsa 8 mwa 10 aliwonse, ngakhale akuphonya mipira yakutali lero, kawirikawiri amadzaphunzira.

Nthawi nayo imasiyana. M'madera ambiri masewera a kusekondale ndi mphindi 32, a amuna kukoleji mphindi 40, ndipo timu ili ndi masekondi 30 okha kuti iponye. Madera ena kusekondale alibiretu wotchi yoteroyo. Mwana wozolowera kugundagunda mpira mpaka atapeza mpata adzavutika. Funani amene amaganiza mpira usanafike m'manja mwake.

Pa kutchinga funso ndi limodzi: kukoleji angalondere ndani? Ngati ali wochedwa miyendo kwa ma guard, osewera aliwiro oyendetsa mpira, komanso wopepuka kwa akuluakulu a pansi pa ring'i, kochi adzasowa pomuika ngakhale atakhala wodziwa kuchinya.

Funsani zaka, yang'anani thupi

Anyamata awiri a kalasi imodzi akhoza kusiyana ndi chaka chathunthu kapena kuposa, popeza ena amabwereza kalasi dala kuti akhwime, ena amadumpha. Cooper Flagg anafupikitsa sekondale ndi chaka chimodzi ku Montverde Academy n'kupita ku koleji ya Duke mu 2024 ali ndi zaka 17. Wazaka 19 amene akugonjetsa ana azaka 16 ndi mphamvu chabe samandisangalatsa ngati wazaka 16 amene akulimbana nawo mofanana. Yang'anani kutalika kwa mikono, kukula kwa mapewa, msinkhu wa makolo. Anthony Davis anayamba sekondale ku Chicago akusewera ngati guard, ndipo pomaliza anali atafika mamita 2.08 koma luso la manja lija ali nalobe. Mu 2012 anatenga chikho cha NCAA ndi Kentucky. Funsaninso kuti anayamba liti kusewera. Joel Embiid anagwira mpira wa basketball ku Cameroon ali kale mnyamata wamkulu, ndiye amene ankamuunika asanapite ku Kansas mu 2013 ankayang'ana liwiro limene ankaphunzirira zinthu.

Tsopano muikeni m'timu inayake

Mukamaliza zonsezi, tembenukani muunike kolejiyo monga mmene mwaunikira mwanayo. Kochi wake amaseweretsa mpira wotani? Jim Boeheim ku Syracuse ankatchinga ndi 2-3 zone, njira yolondera malo m'malo molondera munthu, kwa zaka zambirimbiri, ndiye ankafuna anyamata a mikono yaitali. Tony Bennett ku Virginia, amene anatenga chikho mu 2019, ankaseweretsa mpira wodekha wodalira kutchinga. Mwana wokonda kuthamanga ndi kuponya msanga akanavutika kumeneko, osati chifukwa chosadziwa mpira. Tsegulani mndandanda wa osewera a timuyo, werengani amene ali pamalo ake ndi chaka chimene adzamalize. Kenako bwererani m'mbuyo zaka zitatu kapena zinayi muone kuti anyamata a chaka choyamba kochiyu ankawapatsa mphindi zingati. Zimene anachita kale n'zodalirika kuposa zimene akulonjeza atakhala pabalaza la makolo.

Nkhani ya Stephen Curry imandikhudza nthawi zonse ndikafika apa. Ankafunitsitsa Virginia Tech, kumene bambo ake a Dell Curry anasewera, koma kumeneko anangomuuza kuti abwere popanda sikolashipu. Anapita ku Davidson, koleji yaing'ono, mu 2006. Pamasewera ake oyamba anataya mpira ka 13. Kochi Bob McKillop sanamukhazike pansi, ndipo pamasewera otsatira, ndi Michigan, anachinya mapointi 32. Mu 2008 anafikitsa Davidson m'gulu la matimu 8 otsiriza pa mpikisano wa NCAA. Kutimu yodzaza ndi akatswiri, kutaya mpira ka 13 kukanamusiya pabenchi miyezi yambiri. Anafunika malo omulola kulakwitsa mpira uli m'manja mwake, ndipo anawapeza.

Kumbukiraninso kuti zinthu zinasintha kuyambira pamene transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusamukira ku koleji ina, inatsegulidwa mu 2018, ndi pamene osewera analoledwa kupeza ndalama pa dzina lawo mu July 2021. Makochi ambiri tsopano amakonda kutenga wazaka 22 wochokera ku koleji ina kusiyana ndi kulera mwana wazaka 18. Funsani mosapita m'mbali kuti timuyo ikufuna kutenga anthu angati ku portal pamalo amene mwanayo amasewera. Yankho likakhala losamveka, musaope kuyang'ana ku Division II (gawo lachiwiri la NCAA), NAIA (bungwe lina la makoleji aang'ono) kapena ku junior college (koleji ya zaka ziwiri), kumene angasewere mphindi 25 m'malo mwa zitatu.

Musatseke kope musanaone za m'kalasi

Zonsezi zimagwa ngati mapepala a sukulu sali bwino. Kuti asewere mu Division I chaka chake choyamba, mwana ayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center (ofesi younika ngati ali woyenera kusewera), kumaliza maphunziro 16 ovomerezeka, 10 mwa iwo asanayambe chaka chomaliza cha sekondale, ndi kupeza GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 2.3 pa maphunzirowo. Kwa ana ochokera kunja, monga Khaman Maluach amene anachoka ku NBA Academy Africa ku Senegal kupita ku Duke mu 2024, ofesiyo imaunikanso mapepala a sukulu za kwawo, choncho yambani kuwasonkhanitsa mwanayo akadali ndi zaka ziwiri kuti amalize.