Injini ikamatsokomola, ekizozi n'kumaphulika

Chimene chimaphulika ku ekizozi ndi petulo amene sanapse mu silinda (chipinda cha mu injini momwe petulo amapsera), ndiye akukayakira m'paipi yotentha. Musathamangire kusokoneza kabureta (chosakaniza petulo ndi mpweya), yambani ndi moto wa mapulagi, omwe amayatsa petuloyo. Injini ikulira pang'onopang'ono, zulani mawaya a mapulagi mmodzimmodzi ndi pulayazi yokutidwa labala, chifukwa magetsi ake amagwira zolimba. Mukazula waya koma kaliridwe osasintha, silinda imeneyo ndiyo yafa.

Sinthanitsani pulagi yake ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka nayo, mwalipeza. Likatsala pomwepo, onani wayayo ndi chivundikiro cha distributor (chogawira magetsi ku mapulagi) ngati chang'aluka, kenako yezetsani compression (mphamvu yopanikizira mpweya mu silinda), mwina valavu yapsa.

Koma ikamaphulika pokhapokha mukachotsa phazi pa mafuta, fufuzani gasiketi ya manifold ya ekizozi (chotsekera mpata pomwe mapaipi a utsi amalumikizana ndi injini), chifukwa mpweya ukamalowera pamenepo umathandiza petulo uja kuyaka. Mwaye wakuda m'mbali mwake umaonetsa pamene mpweya ukulowera.