Mwana wachitidwa opaleshoni ya bondo: momwe mungamusamalire dzanzi likamatha

Mtsempha wa ACL, womwe umagwira mafupa mkati mwa bondo, umaduka mwana akatembenuka mwadzidzidzi kapena akatera molakwika pa mpira wamiyendo kapena wa ntchemberembaye, ndipo atsikana ndi omwe amavulala motere kwambiri. Pokonza mtsemphawu madokotala ambiri amabaya jakisoni wochititsa dzanzi mwendo, yemwe amamutcha nerve block. Mwana amatsitsimuka osamva kuwawa kwenikweni, ndipo apa ndi pomwe makolo ambiri amanamizikira.

Asanalowe ku fiyeta, funsani dokotala wogonetsa kuti abaya pati. Jakisoni wa m'mphechepeche, wotchedwa femoral, amafoola minofu yakutsogolo kwa ntchafu, moti mwendo ukhoza kungopindika mwana akaponda pansi. Wa pakati pa ntchafu, wotchedwa adductor canal, amasiyako mphamvu. Kaya abayidwa uti, tsiku loyamba asayende opanda ndodo, ndipo popita kuchimbudzi wina amugwirize. Achinyamata sakonda kugwirizidwa, koma musamumvere.

Chachiwiri, yang'anani nthawi. Dzanzi limatha pakapita maola 12 mpaka 24, kawirikawiri pakati pa usiku, ndipo ululu umabwera wonse nthawi imodzi. Musadikire kuti alire kaye. Mankhwala omwe dokotala walemba, kaya ndi Panado kapena Brufen, ayambe kumwa mwendo udakali wadzanzi, pa nthawi zomwe mwauzidwa, ngakhale zitafuna kumudzutsa. Akayamba kumva ngati nyerere zikuyenda m'mwendo, dziwani kuti jakisoni akutha mphamvu.

Khungu ladzanzi silimva kutentha kapena kuzizira. Asaothe moto, ndipo mbaula ikhale kutali. Ayezi mumukulunge m'kansalu, mumuike pabondo mphindi 15 kapena 20 basi, kenako muone ngati khungu lili bwino.

Pogona, ikani pilo pansi pa chidendene, osati kuseri kwa bondo. Mwana adzakuuzani kuti kuseri kwa bondo ndiye kukukoma, ndipo n'zoona, koma bondo lozolowera kupindika limavuta kwambiri kuliwongola pambuyo pake. Aziyendetsa phazi m'mwamba ndi pansi kuti magazi aziyenda, komanso azilimbitsa ntchafu ngati akukankhira bondo pamatiresi. Zina zonse atsatire zomwe a mafizo amuuza, chifukwa ngati adasokanso kachichereŵechereŵe ka m'bondo, malamulo oponda pansi amasintha.

Thamangirani kuchipatala katumba akatupa ndi kuwawa, thupi likatentha, bala likayamba kutulutsa mafinya, zala zakuphazi zikazizira n'kusintha mtundu, kapena dzanzi likapitirira masiku awiri. Akamabanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, musadikire kuti kuche.

Chinyengo china chimadza pakapita miyezi inayi kapena isanu. Bondo silikuwawanso, mwana akuthamanga pabwalo la pakhomo, mphunzitsi wa timu wayamba kufunsa za iye. Koma mtsempha watsopano womwe madokotala adaika m'malo mwa woduka uja umakhala usanakhwime, ndipo achinyamata ndiwo amaudulanso kawirikawiri kuposa akuluakulu. Madokotala ambiri salola kubwerera m'bwalo miyezi 9 isanakwane, ndipo ngakhale itakwana, a mafizo ayambe amuyesa mphamvu ya ntchafu ndi kudumpha ndi mwendo umodzi, n'kuyerekeza ndi mwendo wabwinowo. Mwendo wa opaleshoni ukatsalira, jezi idikire kaye.