Wopereka katundu pa ngongole, onanani ndi loya katundu asanatuluke

Ndimagulitsa simenti, malata ndi zitsulo ku Limbe, ndipo makasitomala anga aakulu ndi makontrakita amene amatenga katundu lero n'kudzalipira akalandira ndalama za ntchito. Anzanga amene muli pa geni yotereyi, nayi njira yomwe ine ndimagwirira ntchito ndi loya.

Yambani ndi kutsimikiza kuti munthuyo ndi loyadi. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito m'chaka chimenecho. Dzina lake likasowa pamenepo, musatulutse ndalama. Nkhani ya malipiro muikambe tsiku loyamba lomwelo, kaya muzilipira ntchito iliyonse payokha kapena mwezi ndi mwezi, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.

Pamene loya amandithandiza kwambiri ndi pa pepala la mgwirizano. Funso lake loyamba limakhala lakuti, "Akukongola ndani, bamboyu kapena kampani yake?" Ambiri timaliona ngati funso lachabe. Koma malinga ndi lamulo la makampani la 2013, kampani ya limitedi ndi munthu payokha. Ikagwa, simungakalande galimoto kapena nyumba ya mwini wake, ngakhale ndi iyeyo amene anabwera kudzakunyengererani pa shopu. N'chifukwa chake loya amayamba wafufuza kaye ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ngati kampaniyo inalembetsedwa, komanso madairekitala ake ndi ndani. Akatero amalemba pepala lina loti dairekitala asaine, kulonjeza kuti kampani ikalephera adzalipira kuchokera m'thumba mwake. Kontrakita akakana kusaina pepala limeneli, ine simenti yanga situluka, olo tidziwane bwanji.

Mu mgwirizanomo mulembedwe tsiku lolipira, chiwongoladzanja akachedwetsa, ndi dzina la munthu wololedwa kulandira katundu ku saiti. Akapereka chikole monga lole kapena makina osakanizira konkire, uzani loya achilembetse m'kaundula wa zikole amene anabwera ndi lamulo la Personal Property Security Act la 2013. Mukapanda kutero, mwini lole akhoza kukaikoleka kubanki mawa lake, ndipo banki yolembetsa msanga ndiyo idzakhale patsogolo panu.

Mbali yanu ndi kusunga mapepala: invoisi iliyonse, delivery note yosainidwa ndi amene analandira, malisiti, ngakhalenso mauthenga a pa WhatsApp onena kuti "tilipira Lachisanu, bwana". Loya sangamange mlandu ndi mawu apakamwa okha.

Munthu akayamba kuzemba mafoni, musadikire mpaka kalekale chifukwa cha manyazi. Lamulo limapereka zaka 6 zokasumira ngongole ya mgwirizano, ndipo zikadutsa khoti silikumveraninso. Akavomereza ngongoleyo molemba n'kusaina, kapena akalipirako pang'ono, zakazo zimayamba kuwerengedwa mwatsopano, choncho kapepala kotere musakataye. Loya amayamba ndi kalata yolamula kuti alipire pofika tsiku lakutilakuti. Kwa ine, ambiri amabwera kudzakambirana kalatayo ikangowafika. Zikakanika, ngongole yaing'ono imapita kwa majisitireti, pamene yaikulu imapita ku Commercial Division ya khoti lalikulu, nthambi ya milandu ya zamalonda yomwe inayamba mu 2007 ndipo ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumeneko amayamba akukhazikani pansi kuti mugwirizane mlandu usanazengedwe. Nthawi imeneyi musaipeputse. Kulandira ndalama zanu pang'onopang'ono chaka chino kuli bwino kusiyana n'kuzilandira zonse kwacha itagwa mphamvu.

Musanasume, funsani loya mosabisa ngati wangongoleyo ali ndi katundu woti masherifu angakalande. Kuwina mlandu kwa munthu wopanda kanthu ndi kutaya ndalama kawiri, ndipo loya wabwino amakuuzani zimenezi musanalipire.

Pa za antchito ndingonena chimodzi. Mnyamata wa m'sitolo mukamuganizira kuti wasowetsa matumba a simenti, musamuthamangitse ndi mkwiyo tsiku lomwelo. Lamulo la ntchito la 2000 limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza. Imbirani loya akulembereni kalata yomuitanira ku zokambiranazo, apo ayi mudzakumana ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito, inu n'kulipira chipepeso pamwamba pa simenti yosowayo.