Kuletsa galimoto kusunga zinsinsi za maulendo anu

Achimwene a ku Salima, mwafunsa momwe mungaletsere Toyota yanu yochokera ku Japan kutolera zinsinsi zanu.

Yambani ndi wailesi. Lowani pa Bluetooth, fufutani mafoni onse olumikizidwa. Polumikizanso yanu, ikapempha manambala ndi mauthenga, kanani, kuyimba kumathekabe.

Kenako fufutani malo osungidwa pa mapu. Zolembazo zikakhala za Chijapanizi, lozetsani kamera ya Google Translate.

T-Connect, njira ya Toyota yolumikizira galimoto ku intaneti, isakudetseni nkhawa, anaipangira netiweki ya ku Japan. Choopsa kwenikweni ndi tracker yokhala ndi SIM, kabokosi kakang'ono kosonyeza komwe galimoto ili, komwe mwina mwiniwake wakale anaikamo. Pitani kwa makaniko wa zamagetsi pa Kamuzu Road ayang'ane kunsi kwa chiwongolero ndi kuseri kwa wailesi. Koma ngati galimotoyo ndi yangongole, werengani kaye mgwirizano musanadule waya, chifukwa mwina anaika trackeryo ndi okongoza.