Mmene Mungapezere Thandizo la Fizi m'Makoleji a Zaluso ku America

Ku United States, makoleji a zaka ziwiri otchedwa community college amaphunzitsa ntchito monga kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, umakaniko ndi chitetezo cha makompyuta, ndipo fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya mayunivesite. Komabe wophunzira zowotcherera amafunikanso kudzigulira chisoti chokhala ndi galasi lakuda, magolovesi achikopa ndi nsapato zokhala ndi chitsulo kuzala, kotero ndalama zimatha msanga ngati sanakonzekere.

Yambani ndi kulemba FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la maphunziro, pa studentaid.gov. Fomuyi ndi yaulere, nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 October, ndipo imafunsa za ndalama zimene banja linapeza zaka ziwiri zapitazo malinga ndi mapepala a msonkho. Ndiyo imene imatsegula khomo la Pell Grant, thandizo la boma losabweza limene m'chaka cha maphunziro cha 2024-25 linkafika madola 7,395 pa munthu. Lembani mwamsanga, chifukwa maboma a zigawo ndi makoleji amagwiritsanso ntchito fomu yomweyi, ndipo ena amagawa ndalama zawo mpaka zitatha. Oyenera kulandira ndi nzika za dzikolo pamodzi ndi anthu ena monga okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Amene alowa ndi visa ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, salandira thandizoli, motero ayenera kudalira la koleji kapena la mabungwe.

Mukatero, pitani nokha ku ofesi ya financial aid ya koleji yanu, yoona za thandizo la ndalama kwa ophunzira. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, pomwe makoleji ochuluka ali ndi thumba lawolawo lothandizira ophunzira, ndipo fomu imodzi ingakulowetseni m'mipikisano ingapo. Funsani ngati kolejiyo ili ndi S-STEM, pulogalamu ya bungwe la boma la National Science Foundation yothandiza ophunzira a sayansi ndi zaumisiri ochokera m'mabanja opeza zochepa. Ndalamazo zimapita kukoleji, ndiye kuti simungazipemphe mwachindunji ku bungwelo. Funsaninso za chigawo chanu. Mwachitsanzo, pulogalamu ya chigawo cha Tennessee yotchedwa Tennessee Promise inayamba kuthandiza ophunzira mu 2015, imalipira fizi yotsala thandizo lina likachotsedwa, ndipo imafuna kuti wophunzira azigwira ntchito yongodzipereka kwa maola angapo.

Mabungwe a ntchito yanu musawaiwale. American Welding Society ili ndi thandizo la ophunzira zowotcherera, ndipo mikeroweWORKS Foundation imathandiza a ntchito zamanja zosiyanasiyana. Wamkulu amene ntchito inamuthera akafunse ku American Job Center, ofesi yothandiza ofuna ntchito, za ndalama za maphunziro zoperekedwa pansi pa lamulo la WIOA, lothandiza anthu kuphunzira ndi kupeza ntchito. Kalata yokuchitirani umboni ipempheni kwa mphunzitsi amene amakuonani mukugwira ntchito m'chipinda chophunzirira ntchito zamanja, ndipo mumupatse milungu ingapo yoti alembe.

Kusunga thandizo kumafuna khama lofanana ndi kulipeza. Makoleji ambiri amafuna GPA (avereji ya magiredi anu) yosachepera 2.0 komanso kuti mukhoze pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makosi amene munalembetsa, choncho musanasiye kosi pakati pa temu kaonaneni ndi ofesi ija, chifukwa nthawi zina wophunzira amauzidwa kubweza gawo la ndalama. FAFSA imalembedwanso chaka chilichonse. Amene akufuna kupitiriza kuyunivesite ayang'ane thandizo la Jack Kent Cooke Foundation, limene limafika madola 55,000 pachaka kwa ophunzira ochepa okhoza bwino kwambiri.